Deki ikamakana kugwira ntchito pa mpikisano wa Magic, yambirani pa ma land

Dandaulo lake ndi lomwelo paliponse pomwe anthu amasewera Magic: The Gathering mopikisana. Munthu wamanga deki ya makhadi 60, wayiyesa ndi mnzake kunyumba mpaka kukhutira nayo, koma atakhala pa tebulo la mpikisano zinthu zikungobalalika. Raundi yoyamba watsakamira pa ma land awiri (ma land ndi makhadi opereka mana, mphamvu yolipirira makhadi ena), makhadi ake amphamvu ali duu m'manja. Raundi yachitatu akungotola ma land okhaokha. Yachinayi ma land alipo okwanira, koma onse ndi Mountain, opereka mana ofiira okha, pomwe m'manja mwadzaza makhadi ofuna mana abuluu. Potuluka amangopukusa mutu n'kunena kuti silinali tsiku lake, ndipo sabata inayo abweranso ndi deki yomweyo, n'kukumana ndi zomwezo.

Mwayi ulimo m'masewerawa, sindikukana. Kuyambira mu 1993 pomwe Wizards of the Coast anatulutsa masewera a Richard Garfield amenewa, ma land amakhala osakanikirana ndi ma spell, makhadi olipiridwa ndi mana aja, m'deki imodzi, ndiye ngakhale katswiri amaluza magemu ena asanaponye khadi la phindu. Koma vuto likamabwera mpikisano uliwonse, limenelo si tsoka ayi, ndi deki. Ndipo nthawi zambiri cholakwikacho sichili pa makhadi okongola omwe mumawasinthasintha usiku uliwonse. Chili pa ma land omwe munangowaponyamo pomaliza osawerenga.

Dziwani kaye kuti vuto lanu ndi liti

Mavuto atatu aja amathera pamodzi, pa kuluza, koma kakonzedwe kake n'kosiyana kwambiri. Kuchepa kwa ma land osewera amati mana screw, kuchuluka kwake amati mana flood, ndipo kusowa mtundu wa mana womwe ukufunika amati colour screw. Munthu amene wamira mu flood Lachisanu amachotsa ma land awiri usiku womwewo ali ndi mkwiyo, Loweruka n'kufa ndi screw. Mutu umasunga gemu yomwe inapweteka kwambiri, suwerengera zonse mofanana.

Choncho tengani kope. Gemu iliyonse ikatha lembani mzere umodzi: munayamba ndinu kapena mnzanu, munachita mulligan (kubweza dzanja loyamba n'kutola lina) kangati, pa ndime yachinayi (ndime ndi nthawi yanu yoponya mukamasinthana ndi mnzanu) munali ndi ma land angati pansi, ndipo gemu imatha muli ndi makhadi ati m'manja omwe simunathe kuwaponya. Musakhudze deki mpaka mizereyo ikwane 30 kapena kuposera. Dzina la khadi lomwe likubwerabwera pa mndandanda wa makhadi otsalira m'manja likuuzani zambiri kuposa maganizo a anzanu onse a pa tebulo.

Dziwaninso mlingo wa tsoka lomwe ndi lachibadwa. Deki ya ma land 24 imapereka dzanja loyamba lokhala ndi land imodzi kapena lopanda land ka 14 pa 100. Mpikisano wa maraundi 7 uli ndi magemu a pakati pa 14 ndi 21, ndiye manja awiri kapena atatu oterowo pa tsiku ndi zoyembekezeka. Zikafika kasanu, kasanu n'kamodzi, sabata ndi sabata, pamenepo pali chofunika kukonza.

Ma land akamachepa

Ma land amatha m'deki mwakachetechete. Kwatuluka khadi latsopano lomwe mwalikonda, mukufuna malo awiri, mukayang'ana ma spell anu onse akuoneka ofunika, basi mwachotsa Forest ziwiri, ma land a mana obiriwira. Mwezi winawo chimodzimodzi. Deki yomwe inayamba ndi ma land 24 yafika pa 20, pomwe makhadi ake odula mana akadali momwemo.

Masamu ake sanyengerera. Pa ma land 20, dzanja la land imodzi kapena lopanda land limabwera ka 25 pa 100, ndiye kuti dzanja limodzi mwa manja anayi alionse. Koma chiwerengero chomwe ine ndimachiyang'ana kwambiri ndi cha ndime yachinayi. Ngati mwayamba ndinu, pofika ndime imeneyo mumakhala mutaona makhadi 10, chifukwa woyamba satola khadi pa ndime yake yoyamba. Tikaika pambali nkhani ya mulligan, mwayi woti mwa makhadi 10 amenewo muli ma land anayi kapena kuposera ndi 44 pa 100 ngati deki ili ndi ma land 20, ndi 63 pa 100 ngati ili ndi 24, ndipo ndi 72 pa 100 ngati ili ndi 26. Tiyerekeze kuti deki yanu imadalira Wrath of God, khadi la mana 4 losesa zolengedwa (makhadi omenyera nkhondo) zonse pa tebulo. Ndi ma land 20, magemu oposa theka khadilo lidzachedwa, ndipo pamaso pa deki yothamanga kuchedwa ndime imodzi kumakwana kukuphani.

Chochita n'chosavuta, kungoti chimawawa. Phatikizani mtengo wa mana wa makhadi onse omwe si ma land, mugawe ndi chiwerengero chawo. Deki yomwe makhadi ake ambiri ndi a mana 1 ndi 2 imayenda bwino pa ma land 20 mpaka 22. Yapakatikati, yomwe mphamvu zake zili pa mana 3 ndi 4, imafuna 24 kapena 25. Yodekha, yofuna kuponya land ndime iliyonse mpaka yachisanu ndi chimodzi, imafuna 26 kapena 27. Ngati simukufuna kuwonjezera ma land, tsitsani mtengo wa ma spell. Njira yachitatu palibe.

Ena amati ma land 21 akwana poti muli Llanowar Elves anayi, cholengedwa chomwe nacho chimapereka mana. Khadilo ndi labwino, koma musaliwerengere ngati land yathunthu. Limafuna Forest kuti lilowe, ndipo Lightning Bolt imodzi imalichotsa pa ndime yoyamba, n'kukusiyani ndi dzanja lomwe munalisunga podalira ilo. Makhadi otchipa otolera khadi lina, monga Opt, nawonso amathandiza, koma muwerengere atatu kapena anayi ngati land imodzi basi.

Pali msampha wina womwe wagwira anthu ambiri m'zaka zino. Pa MTG Arena, Magic ya pa kompyuta ndi foni, m'maraundi a gemu imodzi yokha, omwe amati best-of-one, kompyuta imayang'ana manja oposa limodzi n'kukonda kukupatsani lomwe chiwerengero cha ma land ake chikugwirizana ndi deki yanu. Deki ya ma land ochepa imaoneka yathanzi pamenepo. Mukaipititsa pa makhadi enieni a pepala, palibe wokusankhirani dzanja. Ngati mukukonzekera mpikisano pogwiritsa ntchito Arena, yeserani pa best-of-three, maraundi a magemu mpaka atatu.

Ma land akamachuluka

Apa anthu ambiri amathamangira kuchotsa ma land, ndipo ndi pomwe amabwerera ku vuto loyamba lija. Mukayang'ana bwino, manja a ma land 6 kapena 7 pa deki ya ma land 24 amabwera kamodzi kokha pa 100, mwinanso kupitirira pang'ono. Flood yeniyeni imachitika pakati pa gemu, makhadi a m'manja atatha, mana 7 ali pansi opanda ntchito. Funso loyenera si lakuti ma land achepe bwanji, koma lakuti mana otsalawo azigwira ntchito yanji.

Apatseni ma land ntchito yachiwiri. Mutavault ndi Mishra's Factory ndi ma land omwe mukalipira mana 1 amasanduka cholengedwa cha 2/2 (mphamvu 2, kulimba 2) n'kumenya nawo. Mu 2020 Zendikar Rising inabweretsa makhadi a nkhope ziwiri, spell kutsogolo, land kumbuyo, inu n'kusankha mbali yomwe mukuifuna. Mu 2022 Kamigawa: Neon Dynasty inabweretsa ma land ngati Boseiju, Who Endures ndi Otawara, Soaring City, omwe mungawaponye ngati land kapena kuwataya kuchokera m'manja kuti agwire ntchito ya spell. Makhadi okhala ndi cycling nawo amalola kusinthanitsa khadi lopanda ntchito ndi lina. Onani kaye kuti ndi ati ololedwa mu format, kapena kuti mtundu wa mpikisano, yomwe mukusewera. Ndi makhadi otere mukhoza kufika pa ma land 25 osamva kulemera kwake. Chenjezo n'lakuti Mutavault amapereka mana opanda mtundu, ndiye mukaika anayi m'deki ya mitundu iwiri mwatseka dzenje lina n'kukumba lina.

Ma land alipo koma mtundu wake si womwewo

Ili ndiye vuto lomwe ndimalimvera chisoni kwambiri, chifukwa limagwira anthu okonda makhadi awo. Munthu waona Counterspell, waikonda. Waona Goblin Chainwhirler, wamukondanso. Onse ndi makhadi abwino, ndiye wawaika pamodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Yang'anani pa ngodya ya kumanja ya khadi, pamwamba. Counterspell imafuna mana awiri, onse abuluu. Chainwhirler amafuna atatu, onse ofiira. Frank Karsten wa ku Netherlands, yemwe ali mu Hall of Fame ya masewerawa, anawerengera kuchuluka kwa ma land a mtundu umodzi omwe deki ya makhadi 60 imafuna kuti khadi liziponyeka pa nthawi yake pafupifupi ka 9 pa 10. Khadi la mana 1 limafuna magwero 14, kutanthauza ma land opereka mana a mtundu wake. La mana 3 lokhala ndi zizindikiro ziwiri za mtundu umodzi pa ngodya ija limafuna 18. La ngati Counterspell limafuna 20 kapena 21, ndipo la ngati Chainwhirler limafuna 23. Phatikizani tsono: magwero abuluu 20 ndi ofiira 23 kuchokera m'ma land 24. Ndiye kuti pafupifupi ma land 20 ayenera kukhala opereka mitundu yonse iwiri. Ngati muli ndi Island 12, opereka mana abuluu, ndi Mountain 12, makhadi awiriwa adzakhala akutsalira m'manja gemu ndi gemu, ngakhale mutasakaniza bwanji.

Kukonza kwake kumayamba ndi kusankha mtundu waukulu. Makhadi onse a zizindikiro ziwiri kapena zitatu, komanso onse oyenera kuponyedwa pa ndime yoyamba, achokere ku mtundu umenewo. Mtundu wachiwiri ubweretse makhadi a chizindikiro chimodzi, makamaka omwe amakhalabe ndi phindu ngakhale atachedwa. Mukatero werengani magwero, khadi ndi khadi, molemba.

Ma land a mitundu iwiri ali ndi mtengo wake. Steam Vents imakudyerani moyo 2 mukafuna kuti ilowe yokonzeka. Shivan Reef imakulumani moyo 1 nthawi iliyonse mukatengako mana abuluu kapena ofiira. Ma land otchipa ambiri amalowa ali opendekeka kale, osagwira ntchito mpaka ndime inayo. Deki yodekha ikhoza kupirira angapo otere, koma deki yothamanga ikakhala ndi 8 imakhala ikusewera ndime imodzi kumbuyo kwa mdani wake.

Ndinene mosabisa kwa amene thumba silikulola: ngati simungakwanitse kugula ma land abwino a mitundu iwiri, sewerani mtundu umodzi. Deki yofiira yokhayokha ya ma Mountain 21 idzapambana magemu ambiri kuposa ya mitundu itatu yomangidwa pa ma land osakwanira, ngakhale yachiwiriyo ili ndi makhadi odula. Palibe chamanyazi pamenepo.

Yalani deki pa tebulo

Nthawi zina ma land ali bwinobwino, koma kope lija likuonetsabe kuti ndime yachiwiri ndi yachitatu mumangoti "ndadutsa" osaponya kanthu. Chotsani ma land muwaike pambali. Makhadi otsalawo muwayale m'mizere potengera mtengo: a mana 1 kumanzere, kenako a 2, a 3, mpaka kumapeto. Imirirani muyang'ane kuchokera pamwamba. Deki yodwala imaonekera pompo: mzere wa 1 uli ndi makhadi atatu, wa 2 uli ndi asanu, koma wa 4 watalika mpaka kufuna kugwa pa tebulo, ndipo wa 5 ndi wa 6 nawo si waufupi. Tsono pa ndime yachinayi mungaponye khadi la mana 4 limodzi lokha, enawo akudikira pa mzere.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1996 Paul Sligh anasewera ku Atlanta deki yofiira yomangidwa ndi Jay Schneider, yodzaza ndi makhadi omwe anthu ankawanyoza. Mphamvu yake inali yakuti ndime iliyonse inkagwiritsa ntchito mana onse omwe alipo, pomwe adani ake ankadikira makhadi awo akuluakulu. Mpaka lero deki zotere ena amazitchula kuti Sligh. Simukuyenera kusewera deki yothamanga kuti phunziroli likukhudzeni. Ngakhale deki yodekha imafuna zochita pa mana 1 ndi 2, apo ayi ifika pa makhadi ake aakulu moyo utatha kale.

Makhadi ali pa tebulo choncho, onaninso chiwerengero cha khadi lililonse. Malamulo amalola makope anayi a khadi limodzi, kupatula ma land wamba. Makope anayi amapereka mwayi wa 40 pa 100 woti khadilo likhale m'dzanja loyamba, awiri amapereka 22, limodzi 12. Ngati dongosolo lanu lonse latsamira pa khadi linalake, ikani anayi, ndipo mufunenso lina logwira ntchito yofanana, chifukwa makope 8 amakweza mwayiwo kufika pa 65 pa 100. Deki yodzaza ndi makhadi amodziamodzi imasewera mosiyana gemu iliyonse, ndipo mwini wake sangaphunzire kuigwira. Khadi la nambala 61 nalo lichoke. Kusiyana kwake n'kochepa, koma kukhalapo kwake kumasonyeza kuti pali chiganizo chomwe mwachizemba.

Mwina vuto si deki, ndi manja omwe mukusunga

Kuyambira mu 2019 masewerawa amagwiritsa ntchito London mulligan: mumatolanso makhadi 7, kenako n'kubweza pansi pa deki khadi limodzi pa mulligan iliyonse yomwe mwachita. Popeza mumasankha nokha lobweza, dzanja la makhadi 6 silofooka ngati kale. Komabe anthu amaopa mulligan, n'kusunga dzanja la land imodzi poti muli makhadi awo okondedwa.

Dzanja lovuta kuweruza ndi la ma land awiri. Pa deki ya ma land 24, ngati mwayamba ndinu, mwayi wopeza land yachitatu pofika ndime yachitatu ndi 66 pa 100. Ngati wayamba ndi mnzanu, mumatola khadi limodzi loonjezera ndipo mwayiwo umafika pa 81. Choncho ma land awiri ndi makhadi a mana 1 ndi 2, sungani. Ma land awiri ndi makhadi a mana 4 okhaokha, inu muli woyamba, bwezani.

Kasakanizidwe

Gemu ikatha, taonani momwe anthu amatolera makhadi. Ma land onse omwe anali pansi amawasonkhanitsa mulu umodzi, zolengedwa mulu wina, a ku graveyard, komwe kumapita makhadi otha ntchito, mulu wina, n'kuziunjika pamodzi, kudula kawiri katatu, basi. Ma land 8 aja akadali ogundana. Gemu yotsatira mudzawapeza onse pamodzi kapena simudzawaona n'komwe.

Dave Bayer ndi Persi Diaconis anaonetsa mu 1992 kuti makhadi 52 amafuna kusakanizidwa molowetsana pafupifupi ka 7 kuti asokonezeke mokwanira. Deki ya 60 ipatseni kopitirira apo. Gawani pakati, lowetsani theka lina m'linzake cham'mbali, mubwereze ka 8 kapena ka 10. Kugawa makhadi m'timilu pa tebulo si kusakaniza, ndipo malamulo a mpikisano amalola zimenezo kamodzi kokha pa gemu, pofuna kuwerenga makhadi. Za kuyala land imodzi pakati pa ma spell awiri alionse musanayambe, zisiyeni. Mukasakaniza mokwanira pambuyo pake, mwangotaya nthawi. Mukapanda kusakaniza mokwanira, ndi chinyengo, ndipo jaji akhoza kukuchotsani mu mpikisano. Ma sleeve, timatumba tovekera makhadi, akakalamba amamatirirana ndi thukuta la m'manja, makhadi n'kumayenda awiriawiri, ndiye asintheni mpikisano waukulu usanafike.

Deki yabwino pa gemu yoyamba, yosweka pa yachiwiri

Raundi iliyonse ndi ya magemu mpaka atatu, ndipo yoyamba yokha ndi yomwe mumasewera ndi makhadi 60 omwe munawakonza mosamala. Ndiye kuti theka la magemu anu, kapena kuposera, mumasewera mutasintha makhadi kuchokera ku sideboard, makhadi 15 a pambali osinthira. Apa ndi pomwe ntchito yonse ija imagumuka. Mwalowetsa makhadi 7 oletsa mdani, mwatulutsa zolengedwa zanu za mana 2 poti zikuoneka zazing'ono, ndipo deki yasanduka yolemera, yopanda choyambira. Kapena mwalowetsa khadi la zizindikiro ziwiri za mtundu wanu wachiwiri, womwe uli ndi magwero 10 okha.

Konzani zimenezi kunyumba. Pa deki iliyonse yomwe mukuyembekezera kukumana nayo, lembani makhadi olowa ndi otuluka, chiwerengero chofanana, kenako yalaninso dekiyo pa tebulo muone ngati mizere ija ikadali yoongoka. Khadi la mu sideboard lomwe simukulipezera lotuluka m'malo mwake silikufunika, perekani malowo kwa lina. Malamulo amalola kuyang'ana kapepala kachidule kotere pakati pa magemu, koma osati gemu ili mkati. Ngati mnzanu ndiye akuyamba gemu yotsatira, ena amachotsa land imodzi poti atola khadi loonjezera. Zimenezo zimatheka pa deki ya ma land 25 kapena 26, osati ya 21.

Mukasintha kanthu m'deki, sinthani chimodzi, musewere magemu okwanira, muone kope, kenako musinthe china. Usiku woti mawa ndi mpikisano musasinthe kalikonse kupatula ma sleeve. Pa mipikisano yomwe amafuna decklist, mndandanda wa makhadi a m'deki yanu, lembani mukuyang'ana makhadi enieniwo, osati kuchokera pamtima, chifukwa mndandanda wolakwika ukhoza kukuluzitsani gemu musanatole khadi. Ndipo raundi ikatha, musanadzuke pa mpando, bwezani makhadi a sideboard m'malo mwake, muwerenge 60 uku ndi 15 uko, chifukwa gemu yoyamba ya raundi yotsatira iyenera kuyamba ndi deki yomwe munalembetsa.